Woweruza wosankhidwa ndi anansi ake: voti ikasanduka ngongole

Mu 2009, loya wina wa mumzinda wa Tampa m'chigawo cha Florida ku America, Mayi Lanell Williams-Yulee, anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa woweruza milandu m'khoti la kwawo ku Hillsborough County. Anachita zimene wofuna mpando aliyense amachita: analemba kalata, n'kusainapo dzina lawo, yopempha anthu kuti awathandize ndi madola 25, 50, 100, 250 kapena 500 oyendetsera kampeni. Mpandowo sanaupeze, koma kalatayo inawalondola. Bungwe la maloya ku Florida linawasumira kuti aphwanya lamulo loletsa munthu wofuna uweruzi kupempha ndalama ndi pakamwa pake kapena ndi dzanja lake, ndipo anadzudzulidwa n'kulipitsidwa madola 1,860. Nkhaniyi inakafika ku khoti lalikulu la dziko lonse la America, lomwe mu 2015 linagamula, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, kuti lamulolo ndi loyenera. Mkulu wa khotilo, John Roberts, anafotokoza kuti woweruza si wandale ngakhale atalowa ntchito kudzera m'bokosi la mavoti. Komatu lamulo lomwelo limalola wopikisanayo kukhazikitsa komiti yomupemphera ndalamazo, limamulola kudziwa amene apereka, ndipo limamulolanso kuwalembera kalata yothokoza. Choletsedwa n'kutambasula dzanja basi. Apa ndi pomwe pagona vuto lonse la kusankha oweruza pa voti, ndipo palibe lamulo limene lalithetsa.

Kwa ife nkhaniyi imamveka yachilendo, pakuti ku Malawi majaji amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko atalandira mayina kuchokera ku bungwe la Judicial Service Commission, ndipo palibe majisitireti amene amakhoma chithunzi chake pamtengo kupempha mavoti. Ku America nakonso oweruza a makhoti a boma lalikulu savoteredwa: pulezidenti amawasankha, nyumba ya Senate n'kuvomereza, ndipo amakhala pampando moyo wawo wonse. Koma milandu yoposa 90 mwa 100 iliyonse m'dzikomo imazengedwa m'makhoti a zigawo, ndipo zigawo 39 mwa 50 zimapititsa oweruza awo, ena kapena onse, ku chisankho cha mtundu wina. Kwina amaima pa tikiti ya chipani, kwina dzina la chipani sililembedwa, kwinanso ovota amangofunsidwa ngati woweruza amene alipo apitirize kapena achoke. Maganizo anga ndi akuti anthu a m'dera ali ndi chifukwa chomveka chofunira mawu pa munthu amene adzaweruze ana awo, koma voti imasiya ngongole, ndipo uweruzi ndi ntchito yokhayo imene kubweza ngongole yotere n'kulakwira lumbiro. Phungu akakokera chitukuko kwa amene anamuvotera timati wagwira ntchito. Woweruza akakokera chigamulo kwa amene anamuvotera, khoti latha.

Amene anayambitsa mchitidwewu sanali anthu opanda nzeru, ndipo n'kulakwa kuwanyoza. Chigawo cha Mississippi chinayamba kuvotera oweruza ake onse mu 1832, New York inatsatira mu 1846, ndipo m'zaka zochepa zigawo zambiri zinatengera. Katswiri wa mbiri ya malamulo Jed Shugerman anaonetsa m'buku lake la mu 2012 kuti cholinga chawo sichinali kumanga oweruza chingwe koma kuwamasula. Chuma chitagwa mu 1837, zigawo zingapo zinapezeka zili m'ngongole zosaneneka chifukwa aphungu ndi abwanamkubwa anamwaza ndalama pa ngalande, njanji ndi mabanki, pomwe oweruza, omwe anali anthu oikidwa ndi andale omwewo, sanathe kuwaletsa. Anthu anati: woweruza akhale ndi mphamvu yochokera kwa ife, kuti athe kukanira bwanamkubwa. Mankhwalawo anali a matenda enieni. Chimene sanachione n'chakuti ukachotsa munthu m'manja mwa bwana mmodzi n'kumuika m'manja mwa mabwana zikwizikwi, sunamumasule, wangosintha amene ayenera kumuopa.

Manyuzipepala amakonda kunena za mipikisano ikuluikulu, monga wa ku Wisconsin mu 2025, pomwe mpando umodzi wa khoti lalikulu la chigawocho unadya ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni. Koma munthu wamba sakumana ndi makhoti amenewo. Amakumana ndi kakhoti ka m'tauni mwake, komwe kamazenga milandu ya pamsewu, ya lendi, ya ngongole zing'onozing'ono, ya ndewu za m'banja, komanso kugamula ngati munthu amene wamangidwa usiku atuluke pa belo kapena agone m'chitokosi. Ku Texas, oweruza otchedwa justice of the peace amavoteredwa pa tikiti ya chipani zaka 4 zilizonse, safunika kukhala maloya, ndipo amaweruza milandu ya ndalama zofika madola 20,000 kuphatikizapo yotulutsa anthu m'nyumba za lendi. Ku Pennsylvania, oweruza a makhoti aang'ono amakhala zaka 6, ndipo amene si loya amangofunika kuchita maphunziro a masabata 4 n'kukhoza mayeso. M'chigawo cha New York muli makhoti a m'matauni ndi m'midzi pafupifupi 1,200. Wofuna mpando wotere amasonkhanitsa masiginecha a anthu a m'deralo, amazika zikwangwani m'mabwalo a nyumba za anzake, amagogoda khomo ndi khomo, amaonekera ku tchalitchi, ku maliro ndi ku mpira wa ana asukulu. Chisankho chimatha kupendekera pa mavoti ochepa kwambiri, moti wopambana angathe kutchula mayina a mabanja amene anamunyamula. Ngongole ya ku Wisconsin ndi yaikulu koma ili poyera, atolankhani akuiwerengera. Ngongole ya m'tauni yaing'ono ndi ya nkhope ndi nkhope, ndipo palibe akuilemba.

Tiyambe ndi ndalama, popeza akale anati kupatsa n'kuika. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha ku West Virginia. Mu 2002 khoti linalamula kampani ya malasha ya Massey kuti ilipire madola 50 miliyoni kwa Hugh Caperton ndi makampani ake. Apilo isanamvedwe, mkulu wa kampaniyo, Don Blankenship, anaononga madola pafupifupi 3 miliyoni pothandiza Brent Benjamin kupambana mpando m'khoti lalikulu la chigawocho mu 2004. Mlandu utafika, Benjamin anakana kudzipatula, ndipo voti yake inathandiza kufafaniza chigamulocho, 3 kwa 2. Mu 2009 khoti lalikulu la dziko linati zimenezi zinaphwanya ufulu wa Caperton woweruzidwa mwachilungamo. Khotilo silinanene kuti Benjamin analandira chiphuphu, linangoti pa ndalama zochuluka chotero, chiopsezo cha kukondera n'chachikulu moti munthu sangadziweruze yekha kuti alibe mbali. Koma linatsindikanso kuti mlanduwo unali wapadera kwambiri, ndipo apa ndi pamene makhoti aang'ono amatsalira kunja. M'tauni yaing'ono palibe wopereka mamiliyoni. Amene amapereka ndi amene ali ndi chifukwa chosamalira za khotilo: maloya a m'deralo amene adzaima pamaso pa woweruzayo sabata ndi sabata, eni nyumba za lendi, eni mabizinesi. Wokhala pa lendi amene adzasumiridwe chaka chamawa sapereka kanthu, chifukwa sakudziwa n'komwe kuti tsiku lina adzafuna khoti. Sindikunena kuti loya wopereka madola 200 wagula chigamulo. Ndikunena kuti pa tsiku la mlandu, mbali imodzi imalowa ikudziwa kuti dzina lake lili pa mndandanda wa othokozedwa, ndipo mbali inayo imalowa ikudziwanso zomwezo.

Ngongole yachiwiri si ya ndalama, ndipo imachokera pa chinthu chomwe ochirikiza chisankho amanyadira kwambiri. Iwo amati mwana wa m'dera amadziwa anthu ake: amadziwa mnyamata amene wangopunthwa kamodzi ndi amene wazolowera, amadziwa banja limene chindapusa cha madola 300 chingalisowetse chakudya. Izi n'zoona, ndipo aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu amadziwa phindu la woweruza wodziwa chiyambi cha mkangano. Koma pa bwalo la mfumu mudzi wonse umakhala pansi n'kumva, nduna zimalankhulapo, ndipo cholinga chimakhala kuyanjanitsa anthu amene mawa adzatunga madzi pa chitsime chimodzi. Khoti la boma lili ndi ndende kumbuyo kwake, ndipo lamulo limafuna kuti munthu aweruzidwe pa umboni umene waperekedwa m'khotimo, osati pa zimene woweruza anamva ku golosale. Kudziwa kumene kumachitira chifundo mwana wa mnzako n'komwenso kumaumitsa mtima pa mwana wa banja limene "aliyense akulidziwa", kapena pa mlendo amene alibe womunenera. Mu 2006 nyuzipepala ya New York Times inafufuza makhoti a m'matauni ndi m'midzi a chigawo cha New York, n'kupeza kuti pafupifupi oweruza 3 mwa 4 aliwonse sanali maloya, kuti maphunziro awo oyambira anali a masiku 6 okha, ndiponso kuti m'makhoti ambiri simunkasungidwa mawu a zimene zanenedwa pa mlandu. Inapeza anthu otsekeredwa mosatsata lamulo, ndi oweruza ozenga milandu yokhudza abale ndi anzawo. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mkanjo wa uweruzi suchibisa. Lipotilo litatuluka, akuluakulu a makhoti analamula kuti zokambidwa m'makhotiwa zizijambulidwa mawu, chinthu chaching'ono chomwe ndikuchiona kuti chinateteza anthu kuposa zisankho zambiri.

Ngongole yachitatu ndi mantha a chisankho chikubwera, ndipo pa iyi pali umboni wa manambala. Akatswiri awiri, Gregory Huber ndi Sanford Gordon, anaunika milandu yoposa 22,000 ya ku Pennsylvania ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2004 anafalitsa zimene anapeza: woweruza yemweyo amapereka zilango zowawa kwambiri chisankho chake chikamayandikira, moti zaka za m'ndende zoonjezereka chifukwa cha zimenezi zinaposa 1,800. Carlos Berdejó ndi Noam Yuchtman anapeza zofanana ku chigawo cha Washington mu 2013, kuti pa milandu ikuluikulu chilango chimatalika ndi pafupifupi 10 pa 100 kumapeto kwa nthawi ya woweruza poyerekeza ndi kumayambiriro. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Woweruza akatulutsa munthu pa belo, munthuyo n'kukapalamula mlandu woopsa, nkhaniyo imalembedwa pa tsamba loyamba ndipo wopikisana naye amaigwiritsa ntchito. Akatsekera munthu zaka zochuluka kuposa zoyenera, wodandaula ndi mayi ake a munthuyo basi, ndipo mwini wakeyo, m'zigawo zonse kupatula Maine ndi Vermont, sangavote ali m'ndende pa mlandu waukulu. Sikelo yapendekeka kale. Ku California mu 2018 anthu anachotsa woweruza Aaron Persky chifukwa chopereka miyezi 6 yokha kwa wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford pa mlandu wochitira mtsikana nkhanza zogonana. Munthu angathe kukwiya ndi chilango chimenecho, monga ambiri anakwiyira, koma n'kuonabe phunziro limene woweruza wina aliyense anatolapo, loti kulakwira ku mbali ya kuuma mtima kulibe mtengo.

Pali yankho lamphamvu kwa zonsezi, ndipo limachokera ku Harris County, dera la mzinda wa Houston ku Texas. Kumeneko anthu osauka omangidwa pa milandu ing'onoing'ono ankakhala m'ndende chifukwa chosowa ndalama ya belo. Mu 2016 Maranda ODonnell, amene anamangidwa poyendetsa galimoto ndi laisensi yosavomerezeka n'kulephera kupeza madola 2,500, anasumira boma la deralo, ndipo mu 2017 woweruza wa boma lalikulu Lee Rosenthal anati mchitidwewo ukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Oweruza a m'deralo anachita apilo n'kumalimbikirabe. Mu November 2018 ovota anawasesa, m'chisankho chomwe chinalowetsanso amayi achikuda 17 pa mipando ya uweruzi, ndipo mu January 2019 oweruza atsopano anataya apiloyo. Palibe komiti ya maloya imene ikanachita zimenezi mwamsanga chotero. Umboni umenewu sindiupeputsa, chifukwa ukuonetsa kuti voti imatha kutsegula khomo limene akuluakulu analitseka. Komabe tione mmene zinachitikira. Chipani cha Democratic chinapambana mipando yonse 59 ya uweruzi imene inali pa mpikisano, m'chaka chimene anthu anakhamukira kukavota chifukwa cha mpikisano wa Beto O'Rourke ndi Ted Cruz pa mpando wa ku Senate, ndipo nthawi imeneyo ku Texas munthu ankatha kuvotera chipani chonse ndi chizindikiro chimodzi. Madzi osefukira amenewo anakokolola oweruza oumirira pa belo yopondereza, koma sanafunse aliyense payekha za ntchito yake. Mtsinje womwewo ukasefukira mbali ina, umakokololanso abwino.

Yankho lina ndi lakuti oikidwa nawonso amaola. Izi n'zoona. Lipoti la unduna wa zachilungamo wa America la mu 2015 linapeza kuti khoti la mzinda wa Ferguson ku Missouri linasanduka chida chotolera ndalama kwa anthu osauka, makamaka achikuda, chonsecho woweruza wake anaikidwa ndi khonsolo ya mzinda, sanavoteredwe ndi anthu. Kuika munthu sikuchotsa ndale, kumangozilowetsa m'chipinda chotseka. Ndiye chifukwa chake Missouri yomweyo mu 1940, itatopa ndi ulamuliro wa wandale Tom Pendergast ku Kansas City, inayambitsa njira yapakati: komiti imasankha mayina 3, bwanamkubwa amatengapo limodzi, kenako ovota amafunsidwa ngati munthuyo apitirize. Koma funso loyenera si lakuti ndi njira iti ilibe chilema, funso ndi lakuti kodi voti imagwiradi woweruza woipa. Ku Luzerne County m'chigawo cha Pennsylvania, Mark Ciavarella analowa uweruzi atalonjeza kukhwimitsa zilango, anatumiza ana ochuluka ku malo osungirako ana olakwa pa zifukwa zazing'ono, ndipo ovota anamubwezera pampando mu 2005. Iye ndi mnzake Michael Conahan analandira madola pafupifupi 2.8 miliyoni kuchokera kwa anthu okhudzidwa ndi malo osungirako anawo. Amene anamugwira Ciavarella ndi maloya oteteza ana ndi ofufuza a boma lalikulu, ndipo mu 2011 iye anagamulidwa zaka 28. Ovota ankaona kukhwima, ndipo kukhwimako n'kumene kunaphimba katangale.

Wina anganene kuti vuto ndi umbuli wa ovota, choncho opikisana aloledwe kulankhula momasuka kuti anthu awadziwe. Khoti lalikulu la dziko la America linatsegula njira imeneyi mu 2002, pa mlandu wochokera ku Minnesota, pomwe linathetsa lamulo loletsa wofuna uweruzi kunena maganizo ake pa nkhani zimene anthu akutsutsana. Koma apa pali msampha. Wopikisana amene angonena zoona zokhazokha za ntchitoyo, kuti adzamvetsera mbali zonse ndi kutsata lamulo ngakhale likhale lowawa, sanasiyane ndi mnzake, ndipo wovota alibe posankhira. Amene anene zokopa, kuti oledzera pamsewu adzaona zakuda kapena kuti palibe adzatulutsidwe m'nyumba nthawi yozizira, wapatsa wovota chogwira, koma waweruziratu milandu imene sanaimve. Kampeni yabwino ndi uweruzi wabwino zimakokerana mbali zosiyana. Nchifukwa chake ovota ambiri amadumpha gawo la oweruza pa pepala lovotera, kapena amangotsata chipani ndi dzina lomveka bwino m'khutu. Dziko la Mexico litayesa kuvotera oweruza pa 1 June 2025, anthu pafupifupi 13 okha mwa 100 ndi amene anapita kukavota.

Zonsezi zikundifikitsa pa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimasakanizidwa: kulowa pampando, ndi kukhalabe pampando. Ubwino wa voti, monga wa ku Harris County, uli pa kulowa. Kuipa kwake kochuluka, monga kwa ku Pennsylvania ndi Washington, kuli pa kufuna kubwereranso. Dera lingathe kusunga ufulu wosankha mwana wake koma n'kumupatsa nthawi imodzi yaitali yosabwereza, kapena kusiya funso la kupitiriza m'manja mwa bungwe lowunika ntchito, monga amachitira ku Hawaii. Woweruza wopanda chisankho kutsogolo kwake alibe amene angamuopseze nacho. Pa ngongole za kumbuyo, mankhwala ndi kulanda woweruza mphamvu yodzigamulira yekha ngati ali ndi mbali. Ku California munthu amaloledwa kukana woweruza kamodzi pa mlandu wake popanda kupereka umboni wa kukondera, ndipo m'tauni yaing'ono lamulo lotere limapulumutsa onse, woweruzayo kuphatikizapo, chifukwa sakakamizika kukhumudwitsa mnansi kapena kupotoza lamulo. Ndipo pamene ndende ikukhudzidwa, kukondedwa ndi anthu sikungalowe m'malo mwa kudziwa malamulo. Mu 1976 khoti lalikulu la dziko linalola oweruza osakhala maloya, pa mlandu wa Lonnie North wa ku Lynch m'chigawo cha Kentucky, poti munthu ali ndi mwayi wokayambiranso mlandu wake pamaso pa woweruza wophunzira malamulo. Komatu North anagamulidwa masiku 30 m'ndende ndi woweruza amene ntchito yake inali ya mu mgodi wa malasha, pa mlandu woyendetsa galimoto ataledzera umene lamulo linkangolola chindapusa kwa wolakwa koyamba. Apilo imathandiza amene ali ndi ndalama ndi nthawi. Wosauka amakhala atagona kale m'ndende ndipo ntchito yamuthera.

Chotsala ndi funso lovuta: ngati ovota sadzafunsidwanso, woweruza woipa adzachotsedwa ndi ndani? Kuyambira pamene California inakhazikitsa bungwe loyamba lolanga oweruza mu 1960, chigawo chilichonse tsopano chili ndi bungwe lotere, lomwe limalandira madandaulo, limafufuza, ndipo lingathe kudzudzula woweruza kapena kuyambitsa zomuchotsa. Ku New York, ambiri mwa oweruza amene bungwe lakumeneko lawalanga ndi a makhoti a m'matauni ndi m'midzi omwe aja, zomwe zikuonetsa kuti njirayi imafika pansi pomwe nyuzipepala sizifika. Koma bungwe limadalira kwambiri kuti wina alembe dandaulo, ndipo wolembayo amakhala loya amene ali ndi milandu ina 10 pamaso pa woweruza yemweyo mwezi wamawa, kapena mayi amene mwana wake amaphunzira kalasi imodzi ndi mwana wa woweruzayo.